Laputopu ikamatsamwa pojambula, yambani mwafufuza Wi-Fi musanagule sound card ina

Msika wa fodya wa Chinkhoma ukangotsegulidwa, ndalama zimayamba kuyenda m'Kasungu muno, ndipo nazo ntchito za ojambula nyimbo ndi ma DJ zimachuluka. Makwaya a ku Santhe ndi ku Chamama amafuna kutulutsa chimbale, zinkhoswe ndi maukwati zimatsatana Loweruka ndi Loweruka, mipingo ina imafuna mapemphero aziulutsidwa pa Facebook kuti abale a ku Johannesburg azionera. Nthawi yomweyi ndi imenenso dandaulo limodzi limamveka paliponse: "laputopu ikutsamwa." Nyimbo ikuyenda bwinobwino, kenako kaphokoso kothetheka ngati nkhuni yaiwisi pamoto, kapena mawu kuduka pang'ono n'kubwereranso. Wina amathamangira kusintha kebulo, wina amaloza chala sound card (kachipangizo kolowetsa ndi kutulutsa mawu pa kompyuta), wina amanyamula laputopu ulendo kwa amisiri apamsika kuti akaifomate. Ndalama zapita, vuto lili pompo. Pa malaputopu ambiri a Windows wolakwa amakhala driver (kapulogalamu koyendetsa chipangizo) ya kakhadi ka Wi-Fi kamene kali mkatimo, ndipo kuigwira sikulira ngakhale tambala.

Tilekanitse kaye matenda awiri amene anthu amawapatsa dzina limodzi la latency. Oyamba ndi kuchedwa kwenikweni. Woimba watulutsa mawu pa maiki, koma m'mahedifoni akumupeza mochedwa, mpaka amasokonezeka n'kuyamba kukoka nyimbo. Kapena wa kiyibodi wadina, mawu n'kutuluka chala chitachokapo kale. Achiwiri ndi kuthetheka ndi kudukaduka kuja. Wi-Fi payokha sichedwetsa mawu ayi. Imene imachita ndi kuwadula. Ndiye mwini situdiyo, potopa ndi kudukako, amakweza buffer, kankhokwe kamene mawu amadikirira mu kompyuta, kuchoka pa 128 kufika pa 1024, kuthetheka n'kutha, kuchedwa n'kubadwa. Woimba akamadandaula kuti akudzimva mochedwa, funso loyamba ndi lakuti: n'chiyani chinatikakamiza kukweza buffer?

Masamu ake ndi osavuta, ndipo ndi bwino kukhala nawo m'mutu. Mukamajambula pa 48,000 Hz, kompyuta imasamala tizidutswa ta mawu 48,000 pa sekondi iliyonse. Buffer ya 128 ndi tizidutswa 128, kutanthauza ma millisecond 2.7. Ya 256 ndi 5.3, ya 512 ndi 10.7, ya 1024 ndi 21.3. Pa 44,100 Hz manambalawa amakwera pang'ono: 2.9, 5.8, 11.6 ndi 23.2. Mawu a woimba amadutsa mu buffer kawiri, polowa ndi potuluka, kuphatikizapo kanthawi kamene sound card imatenga yokha, ndiye pa 1024 mwadutsa kale ma millisecond 40. Mawu mumpweya amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, choncho millisecond imodzi ndi masentimita 34. Kuchedwa kwa 10 kuli ngati kuima mamita atatu ndi theka kuchokera pa sipika, zimene woimba aliyense amazizolowera. Kwa 40 kuli ngati sipika yaikidwa kumapeto kwa tchalitchi inu muli kuguwa.

Kuti mumvetse chimene chimachitika mkatimo, ganizirani chigayo. Pamwamba pali pothira chimanga, pansi pakutuluka ufa, ndipo chigayo sichidikira munthu, chimangodya. Mnyamata wothira chimanga ndi processor, pothirapo ndi buffer. Ngati pothirapo ndi pang'ono, chimanga chanu chimatuluka ufa msanga, koma mnyamatayo sayenera kuchokapo. Abwana akangomuitana n'kumuchedwetsa kupitirira nthawi imene chimanga chothiridwacho chingathe, chigayo chimalira chopanda kanthu. Kulira kumeneko ndi kuthetheka kumene mukumva. Mukakulitsa pothirapo, mnyamata atha kupita n'kubwera chigayo chisanaume, koma chimanga chanu chizikhala pamwamba pa chinzake nthawi yaitali chisanafike pa mpheroyo.

Abwana oitana aja mu Windows ali ndi mayina awiri, ISR ndi DPC. Chipangizo chilichonse, kaya ndi khadi la Wi-Fi, kiyibodi kapena disk, chikakhala ndi uthenga chimagogoda kwa processor, processor n'kusiya chimene imachita. Driver ya chipangizocho imayankha mwachangu, imeneyo ndi ISR, kenako ntchito yotsala imaiika pamzere wa DPC. Chovuta n'chakuti ntchito za pamzere umenewu zimaposa pulogalamu ina iliyonse. FL Studio, Cubase, Virtual DJ, OBS, zonse zimadikira mpaka DPC ithe pa core imeneyo, kutanthauza chigawo cha processor chimene chikugwira ntchitoyo. Malangizo a Microsoft kwa olemba ma driver amati ISR isapitirire ma microsecond 25 ndipo DPC isapitirire 100. Microsecond ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a millisecond. Driver yolembedwa mosasamala imatha kugwira processor ma microsecond 3,000 kapena 5,000 nthawi imodzi. Ikani nambalayi pafupi ndi buffer ya 128, imene ili ndi 2,700 okha, muona chifukwa chake mawu aduka. N'chifukwa chakenso Core i7 yokhala ndi RAM ya 16 GB imatha kutsamwa pamene Core i3 yakale ikuyenda mwamtendere. Nkhani si mphamvu. Ma DPC ambiri amaunjikana pa core yoyamba, ndipo uthenga wa sound card ya USB nawo umadutsa pamzere womwewo, ma core enawo ali chikhalire.

Nanga bwanji Wi-Fi makamaka? Chifukwa khadi limeneli silikhala phee ngakhale inu simukutsegula intaneti. Windows ili ndi service yotchedwa WLAN AutoConfig imene imalituma kukasakasaka ma netiweki ena, kawirikawiri pafupifupi sekondi 60 zilizonse. Posaka, khadi limachoka pa channel yake, kuzungulira ma channel ena, n'kubwerera ndi mndandanda. Lilinso ndi khalidwe logona n'kudzuka pofuna kusunga batire, ndipo kudzuka kulikonse n'kugogoda. Netiweki ikafooka, mwachitsanzo MiFi ili kuchipinda china kuseri kwa khoma la njerwa zootcha, uthenga umatumizidwa mobwerezabwereza ndipo khadi limayamba kuganiza zosamukira kwina. Chizindikiro chodalirika kwambiri ndi nthawi. Tengani wotchi ya pafoni. Ngati kuthetheka kukubwera mosaphonya, mphindi iliyonse kapena masekondi ofanana nthawi zonse, sikuti kebulo yatha. Kebulo yoduka siwerenga nthawi.

Chida choyezera ndi LatencyMon ya Resplendence Software, ndipo Home Edition yake ndi yaulere komanso yaing'ono, siitha bandulo. Pali china chakale, DPC Latency Checker, chimene chimapezekabe m'ma flash a amisiri. Chisiyeni, chifukwa kuyambira pa Windows 8 manambala ake si olondola. Lumikizani chaja, sound card ndi Wi-Fi monga mumachitira tsiku la ntchito, tsegulani pulojekiti yeniyeni iziimba, kenako dinani kabatani kobiriwira kakumanzere mu LatencyMon. Isiyeni mphindi 10 kapena 15. Kuyeza kwa mphindi imodzi n'kudzinamiza, chifukwa mwina khadi silinafike nthawi yake yosaka.

Pa tsamba loyamba muona mizere ingapo ikutalika. Wofunika ndi wa Highest reported DPC routine execution time, ndipo pambali pake pamalembedwa dzina la driver imene yachita zimenezo. Zikakhala bwino, uthenga wapamwamba umakhala wobiriwira. Zikavuta umasanduka wofiira, ndipo nthawi zina umanena poyera kuti vuto likuoneka kuti ndi la netiweki, yesani kuzimitsa WLAN, kutanthauza Wi-Fi. Kenako pitani pa tsamba la Drivers, dinani pamutu wa Highest execution kuti yaikulu ikwere pamwamba. Apa ambiri amapusitsika: tsamba loyamba limawerenga ma microsecond, la Drivers limawerenga ma millisecond. Mukaona 2.4 pa Drivers musati ndi kakang'ono, ameneyo ndi 2,400. Muyezo wanga, mu ma microsecond, ndi uwu: pansi pa 500 palibe chodandaula, kuzungulira 1,000 mujambula pa 256 koma pa 128 muzikhala ndi nkhawa, kupitirira 2,000 ndiye pali wodwala.

Mayina amene amaloza ku netiweki ndi awa. Dzina la ndis.sys ndi limene limatuluka kwambiri, koma iyi ndi fayilo ya Windows yeniyeniyo, mkhalapakati wa makhadi onse a netiweki, a waya ndi opanda waya omwe. Imangosenza mlandu wa driver imene ili pansi pake, ndiye musayese kuifufuta kapena kufunafuna ina pa intaneti. Chimodzimodzi tcpip.sys. Ma driver enieni a makhadi ndi monga oyamba ndi Netwtw, Netwtw04.sys, Netwtw06.sys, Netwtw08.sys, amene ndi a Intel. Oyamba ndi rtwlan ndi a Realtek. Athw ndi Qcamain ndi a Qualcomm Atheros. Bcmwl ndi a Broadcom. Mukaona pamwamba pali ACPI.sys, nkhani ndi ya batire ndi BIOS. Nvlddmkm.sys ndi dxgkrnl.sys ndi za khadi la zithunzi, storport.sys ndi ya disk. Zikatero Wi-Fi ndi yosalakwa, isiyeni.

Tsopano umboni. Dinani Windows ndi R, lembani devmgmt.msc, tsegulani Network adapters, pezani khadi lokhala ndi mawu akuti Wireless, Wi-Fi kapena 802.11, dinani kumanja n'kusankha Disable device. Imitsani LatencyMon, yambitsaninso kuti iwerenge mwatsopano, pulojekiti yomweyo, mphindi 15 zomwezo. Nambala ikagwa kuchoka pa 3,000 kufika pa 300, mlandu watha. Ndikunena za Disable mwadala. Kungodula netiweki podina Disconnect sikuthandiza, mwinanso kumawonjezera, chifukwa khadi losalumikizidwa limasaka kwambiri kuposa lolumikizidwa. Airplane mode imazimitsa wayilesi ya khadilo ndipo pa malaputopu ambiri imakwanira, koma driver imakhalabe ili mkati, choncho poyeza gwiritsani Device Manager kuti pasakhale chikaiko. Ndipo musinthe chinthu chimodzi pa nthawi. Mukazimitsa Wi-Fi, Bluetooth ndi kamera nthawi imodzi vuto n'kutha, simudziwa kuti mwachiza ndani.

Kwa ojambula makwaya ndi ma DJ a paukwati, kunena zoona nkhani ikhoza kuthera pomwepa. Intaneti simukuifuna pamene woimba ali pa maiki. Tsegulani Notepad, lembani mzere uwu: netsh interface set interface name="Wi-Fi" admin=disabled, sungani ngati zimitsa.bat. Pangani ina yokhala ndi admin=enabled, itcheni yatsa.bat. Zonse ziwiri zimafuna kudina kumanja n'kusankha Run as administrator. Ngati khadi lanu lili ndi dzina lina, monga Wi-Fi 2, lamulo la netsh wlan show interfaces likuuzani. DJ amene amakonda kutsitsa nyimbo pa YouTube mkati mwa perekaniperekani chifukwa ankhoswe apempha, atsitsire pa foni n'kudutsitsa pa flash, osati kuyatsa Wi-Fi masipika ali kukamwa kwa anthu 300.

Amene ali pa mpanipani ndi oulutsa mapemphero kapena maliro pa Facebook, chifukwa iwo amafuna mawu ndi intaneti nthawi imodzi. Njira yabwino kuposa zonse ndi waya. Ngati rauta yanu ili ndi pobayira kebulo kumbuyo, gulani kebulo ya Cat5e kapena Cat6. Imayenda mpaka mamita 100, kutanthauza kuti rauta mutha kuiika pawindo pamene netiweki ya TNM kapena Airtel imagwira bwino, laputopu ili pa mixer. Laputopu yopyapyala yopanda pobayirapo imafuna ka adapter ka USB to Ethernet. Mukatero zimitsani Wi-Fi, ndipo mu Advanced ya khadi la wayalo zimitsani Energy Efficient Ethernet kapena Green Ethernet ngati zilipo. Kulumikiza foni pa kebulo ya USB n'kuyatsa USB tethering kumathandiza ena, koma kuyezeni kaye, chifukwa nako kumadutsa pa ndis.sys ndipo kumagawana msewu wa USB ndi sound card yanu.

Ngati waya n'zosatheka, tiyeni tiwete khadilo. Poyamba driver. Mu Device Manager dinani kawiri pa khadi, pitani pa Driver, lembani papepala Driver Version ndi Driver Date. Ngati vuto layamba posachedwa laputopu itachita update, ndipo batani la Roll Back Driver likudinika, lidineni, yambitsaninso laputopu, yezani. Driver yatsopano si nthawi zonse imene ili yabwino pa mawu. Ngati batanilo ndi lotuwa, pitani pa Details, sankhani Hardware Ids, muwerenge nambala yotsatira VEN. 8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek, 168C ndi Qualcomm Atheros, 14E4 ndi Broadcom, 14C3 ndi MediaTek. Izi n'zofunika chifukwa malaputopu ambiri amene timagula kuno ndi ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo dzina lapachivundikiro silikuuzani khadi limene lili mkati. Mtundu umodzi wa laputopu umatha kutuluka kufakitale ndi makhadi osiyana.

Tsitsani ma driver awiri: ya pa webusaiti ya opanga laputopu, monga HP, Dell kapena Lenovo, pogwiritsa ntchito serial number yapansi, ndi ya opanga khadi ngati ndi Intel. Tsitsani musanachotse kalikonse. Ndibwereze: musanachotse. Munthu amachotsa driver ya Wi-Fi kenako n'kuzindikira kuti alibenso njira yolowera pa intaneti kuti atenge ina. Pangani restore point, yoti mudzabwezere Windows mwakale zikavuta, kenako Uninstall device, chongani kabokosi kochotseratu driver, yambitsaninso laputopu, ikani ya opanga laputopu, yezani mphindi 15. Ikakanika, bwerezani ndi inayo. Mapulogalamu aja oika ma driver onse nthawi imodzi, amene amisiri amayendetsa akangomaliza kufomata, ine sindiwakhulupirira pa laputopu ya situdiyo. Amasankha driver yoti khadi ligwire basi, za DPC sizikuwakhudza, ndipo ena amabwera ndi tizinyalala toyenda kumbuyo.

Driver ikakhazikika, lowani pa tsamba la Advanced. Mayina amasiyana malinga ndi khadi, ndiye nditchula a Intel. Roaming Aggressiveness imabwera pa 3, itsitseni pa 1, Lowest. Situdiyo ili ndi rauta imodzi, khadi lisamaganize zosamuka. MIMO Power Save Mode iikeni pa No SMPS kuti tinyanga tonse tikhale maso. Ngati pali Global BG Scan blocking, sankhani On Good RSSI kapena Always, kuti lisamasake lili lolumikizidwa kale. Preferred Band ikhale 5 GHz ngati rauta yanu ili nayo. Ma MiFi ambiri otsika mtengo ali ndi 2.4 GHz yokha, ndiye pamenepo ingoyandikizani MiFi, mamita awiri kapena atatu, popanda khoma pakati. Tinyanga ta laputopu nthawi zambiri timakhala m'mphepete mwa sikirini, choncho kuitseka laputopu n'kumagwiritsa monitor ina kumafooketsa netiweki. Pa tsamba la Power Management, ngati lilipo, chotsani chongi pa Allow the computer to turn off this device to save power.

Chida chomaliza cha kusakasaka kuja ndi lamulo ili, mu Command Prompt yotsegulidwa ngati administrator, mutalumikiza kale ku netiweki yanu: netsh wlan set autoconfig enabled=no interface="Wi-Fi". Khadi limakhalabe pa netiwekiyo koma Windows imasiya kulituma. Pa kuthetheka kwa mphindi iliyonse, lamuloli nthawi zambiri limagwira ngati mankhwala. Msampha wake ndi wakuti netiweki ikaduka, kapena laputopu ikazimitsidwa, siidzalumikizanso yokha ndipo mndandanda wa ma netiweki uoneka wopanda kanthu. Mawa lake wachinyamata wa ku media wa mpingo adzalumbira kuti Wi-Fi yapsa. Bwezani ndi enabled=yes mukangomaliza, ndipo amene mumagwira naye ntchito adziwe.

Kachinthu kena kopulumutsa mawu ndi bandulo nthawi imodzi: mu Settings, pa netiweki yanuyo, yatsani Metered connection. Windows Update ndi mapulogalamu ena amachepetsa kutsitsa zinthu kumbuyo. Uthenga ukachuluka ma DPC nawo amachuluka, ndipo palibe chopweteka ngati laputopu kuyamba kutsitsa update ya 1 GB abusa ali pakati pa ulaliki.

Tsopano za magetsi, chifukwa kuno sizingalekanitsidwe ndi nkhaniyi. Magetsi akazima laputopu n'kugwera pa batire, Windows imasintha khalidwe nthawi yomweyo: processor imatsika liwiro, khadi la Wi-Fi limayamba kugona pafupipafupi. N'chifukwa chake ena amati "kukakhala magetsi imayenda bwino, pa batire imatsamwa." Mu Control Panel, Power Options, sankhani High performance, lowani Change advanced power settings. Wireless Adapter Settings ikhale Maximum Performance mbali zonse, pa chaja ndi pa batire. USB selective suspend ikhale Disabled. PCI Express, Link State Power Management, ikhale Off. Makhadi ambiri a Wi-Fi amalankhula kudzera pa PCI Express, ndipo msewuwo ukamagona n'kudzuka umachedwetsa. Minimum processor state ikhale 100 pa chaja. Batire itha msanga, zoona, koma kuli bwino kujambula ola limodzi loyera kusiyana ndi maola awiri oti mubwereze. Malaputopu ena atsopano amangoonetsa Balanced ndipo zina mwa zosankhazi zimabisika. Pamenepo ikani Power mode pa Best performance mu Settings.

Chaja nayo muiyang'ane. Malaputopu ena, monga a Dell, amazindikira chaja kudzera pa kasingano kapakati pa pulagi, ndipo akapanda kuizindikira amatsitsa liwiro la processor mwadala. Mukamayatsa n'kuona uthenga wodandaula za adapter, musaudumphe. Kutentha kwa Okutobala ndi fumbi la kuno nazonso zimatseka pa fani, processor n'kumadzichepetsa yokha kuti isapse, ndipo DPC imene imatenga ma microsecond 400 imayamba kutenga 1,200. Laputopu isakhale pa nsalu ya tebulo kapena pa matiresi. Koma kaphokoso kolira mosalekeza ngati njuchi m'masipika, kamene kamatha mukazula chaja, si latency ndipo si Wi-Fi. Imeneyo ndi nkhani ya earth, jenereta kapena inverter, mankhwala ake ndi DI box ndi makebulo a balanced.

Za Bluetooth ndingodutsapo. Kawirikawiri imakhala pa khadi lomwelo ndi Wi-Fi ndipo imagwiritsa 2.4 GHz yomweyo, ndiye poyeza muizimitse payokha muone. Koma mahedifoni a Bluetooth pojambulira woimba, iwalani. Amachedwa ma millisecond 100 mpaka 200 mwa chibadwa chawo, ndipo palibe driver imene ingachotse zimenezo. Hard disk yakunja ya USB 3.0 nayo imatulutsa phokoso losokoneza 2.4 GHz, Intel inalemba za vutoli mu 2012. Musaigoneke pafupi ndi MiFi kapena ka Wi-Fi ka USB.

Mwapeza driver yabwino, mwakonza zonse, patha milungu itatu kuthetheka kwabwerera. Onani Driver Version muyerekeze ndi ija munalemba papepala. Kawirikawiri Windows Update yaika yake pamwamba, ndipo zosankha za mu Advanced zabwerera mwakale. Lembani Change device installation settings pa Start, sankhani No. Pa Windows ya Pro, gpedit.msc ili ndi lamulo lamphamvu kuposa pamenepo, Do not include drivers with Windows Updates, pansi pa Windows Components, Windows Update. Amene akadali pa Windows 10 adziwe kuti Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Okutobala 2025, choncho laputopu yotere ndi bwino ikhale ya situdiyo yokha, Wi-Fi yozimitsa, intaneti muzichitira pa foni.

Zonsezi zikakanika, ndipo Wi-Fi simungachitire mwina, sinthani khadilo. Ndi kachinthu kakang'ono ngati sitampa yapakalata. Malaputopu atsopano amagwiritsa M.2 2230, kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 30 m'litali. Akale amagwiritsa Mini PCIe, ndipo awiriwa salowana. Pa M.2, Intel AX200 ndi AX210 zimagwira pa malaputopu a Intel ndi a AMD omwe, pamene AX201 ndi 9560 ndi za mtundu wa CNVi, zimafuna chipset ya Intel yogwirizana nazo. Mukagula molakwika laputopu siliona n'komwe. Malaputopu ena akale a HP ndi Lenovo ali ndi mndandanda mu BIOS wa makhadi ololedwa okha, ndipo mukaika lachilendo amakana kuyaka mpaka mulichotse. Ena opyapyala kwambiri khadi lake n'lowotcherera pa motherboard, palibe chosintha. Fufuzani izi musanatumize ndalama ku Lilongwe.

Posintha, zimitsani laputopu, zulani chaja, tsegulani chivundikiro chapansi, zulani kaye pulagi ya batire. Khadi muliona lili ndi timawaya tiwiri towonda ngati ulusi, kakuda ndi koyera kapena kotuwa, tomangidwa ndi timabatani tagolide tochepa kuposa mutu wa machesi. Jambulani chithunzi ndi foni musanakhudze, kuti mudziwe kati kali pa 1 ndi kati kali pa 2. Timabataniti muzitikweza molunjika m'mwamba ndi chikhadabo kapena kapulasitiki, mogwira pa chitsulo chake, osakoka waya. Masulani sikuluu imodzi, khadi lidzuka lokha mopendekeka, lisololeni. Latsopano limalowa mopendekeka momwemo, n'kulitsindira pansi, n'kumanga. Pobwezera timawaya ndi pamene anthu amawononga. Kabatani kakhale ndendende pamwamba pa kadzenje kake musanasindikize; kakakhala bwino kamalowa ndi kaphokoso kakang'ono osalimbana nako. Mukaona kakukana, kwezani muyikenso, chifukwa mukakakamiza kadzenje kamaphwanyika ndipo khadi latsopano latha. Timabatani ta M.2 ndi ta MHF4, tating'ono kuposa ta U.FL ta Mini PCIe, ndiye sitisinthana. Amene sakufuna kutsegula laputopu atha kuzimitsa khadi lamkati n'kubaya ka Wi-Fi ka USB, koma nako kali ndi driver yake, kayezeni chimodzimodzi, ndipo kabayeni mbali ina kutali ndi sound card.

LatencyMon ikakhala yobiriwira kwa mphindi 30, bwererani mu pulogalamu yanu yojambulira. Onetsetsani kuti mwasankha ASIO, driver yapadera yojambulira mawu, ya sound card yanu yeniyeni, monga ya Focusrite kapena ya Behringer UMC202HD. ASIO4ALL ndi yothandizira zipangizo zimene zilibe ASIO yawo. Tsekani LatencyMon, isamayende pamene mukujambula. Tsitsani buffer pang'onopang'ono, kuchoka pa 1024 kupita pa 512, imbani nyimbo yonse, kenako 256, kenako 128. Pamene payamba kuthetheka, bwererani sitepe imodzi, pamenepo ndiye panu pojambulira. Posakaniza nyimbo, ma plugin atachuluka, kwezaninso pa 512 kapena 1024, chifukwa pamenepo palibe woimba amene akudikira mawu ake. Ngati sound card ili ndi batani la Direct Monitor, liyatseni pojambula mawu: woimba amadzimva molunjika kuchokera pa maiki osadutsa mu kompyuta, ndipo muzimitse monitoring ya mu pulogalamu kuti asadzimve kawiri. Fayilo ya driver imene yagwira ikopereni pa flash yokhala m'chikwama cha situdiyo, ndipo nambala yake muilembe pa kapepala komata pansi pa laputopu, pafupi ndi serial number.